Waya Saiwala Popindika

Ine ndine Fraser Chimwaza. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditaya kuno ku Hewe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo kuti ndidzaphunzitse fizikisi pa sekondale yoyendera. Ndinabwera ndikunyinyirika, ndikuti ndikhala chaka chimodzi basi. Ndinakwatira konkuno, ana anabadwira konkuno, ndipo Chitumbuka changa mpaka lero chimaseketsa anthu pamaliro. Za fizikisizi ndanenera dala, kuti muone bwino kukula kwa chimene ndinamuchita mlamu wanga Phoebe. Akanachita munthu wosapita kusukulu, bwenzi tikuti n'kusadziwa. Koma ndinachita ine, munthu amene chaka ndi chaka ndimajambula thiransifoma pa bolodi ndi choko cha mitundu iwiri.

Phoebe ndi mng'ono wake wa mkazi wanga Judy. Bambo awo, malemu a Joel Luhanga, ndiwo anali owotcherera zitsulo pamsika wathu, ndipo makina amene ankagwiritsa ntchito sanagule m'sitolo. Anapanga okha, magetsi atangofika kuno. Ukawaona koyamba makinawo umaseka: timalata topyapyala tambirimbiri tosanjikizana, tooneka ngati felemu ya zenera, topanikizidwa ndi matabwa ndi mabawuti, ndipo mbali iyi ndi iyo kokulungidwa waya. Wayayo anali wa aluminiyamu, ndipo apongozi anga anachita kumukuta ndi tepi ya pepala ndi manja awo, kuyambira koyambira mpaka kothera. Makoyilo awiriwo iwo ankati nkhata. Nkhata ya waya wowonda, wozungulira kambiri, ndiyo inkalandira magetsi a pakhoma. Ya waya wonenepa ngati chala, wozungulira pang'ono, ndiyo inkatulutsa moto wosungunula chitsulo.

Chimene chimazunguza ana anga a Fomu 4 chaka chilichonse n'chakuti nkhata ziwirizi sizikhudzana. Ine ndimawauza kuti magetsi a pakhoma amapita uku n'kubwerera, kupita n'kubwerera, kokwana makumi asanu pa sekondi imodzi. Akamatero mu nkhata yoyamba, chitsulo chapakati chimasanduka maginito osakhazikika, ndipo maginito osinthasinthawo ndiwo amadzutsa magetsi mu nkhata yachiwiri. Ana amalemba, kenako amayasamula. Apongozi anga ankanena mwachidule. Ankati nkhatazo zili ngati mkamwini ndi apongozi ake aakazi: sagwirana chanza, sakhala pamphasa imodzi, koma mawu amafika ndithu, chifukwa pakati pali thenga, amene kwathu timati nkhoswe. Thenga wake ndi chitsulo. Masiku amenewo ndinkangoti ndi nthabwala za munthu amene analekeza Sitandade 6, ndipo sindinaitengerepo m'kalasi.

Mkuluyo atamwalira zaka ziwiri zapitazo, mng'ono wawo, a Brightson Luhanga, anafuna shedi imene malemuwo ankawotchereramo kuti mwana wawo atsegulemo golosale. Kuno malo ndi a kuchimuna, ndipo Phoebe, mkazi wobwerera ku ukwati, analibe pogwira. Chinamupulumutsa n'chakuti zaka zisanu zomaliza za bambo ake ndiye ankagwira nawo ntchito, moti theka la ngolo za m'chigwa muno zinali zitadutsa kale m'manja mwake. Abale atakokanakokana tsiku lonse, anamanga mfundo imodzi: malinga ngati makina a Joel akulira, shedi ndi ya Phoebe, tsiku limene adzakhale chete, makiyi apite kwa a Brightson. A Brightson anavomera akumwetulira. Ankadziwa kuti chinthu chomangidwa ndi tepi ya pepala sichikhalitsa.

Koma makinawo analira zaka zina ziwiri. Pochokera kusukulu ndinkadutsa pashedipo, n'kumupeza Phoebe atavala ovolosi ya bambo ake yopinda m'miyendo, duku kumutu, galasi lakuda kumaso. Ankalumikiza makasu, mafelemu a njinga, mabedi, zitseko za nkhokwe za masiku ano. Alimi ankati chitsulo chikadutsa kwa NyaLuhanga, monga amamutchulira Phoebe kuno, chimathyoka pena, osati pamene iye wawotcherera. Ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo ine, amene ndimadya chifukwa cha pakamwa, ndinkamusilira ngakhale sindinkamuuza. Ndinkangomuseka zachilamu kuti akasowa ntchito ndidzamulemba kukhala wonditemperera mapensulo.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'makina muja munatuluka utsi. Tepi yokalamba inali itagonja, ndipo nkhata yoyamba inapsa, waya n'kusungunuka malo angapo. Nkhani pamsika imayenda kuposa njinga yamoto. Dzuwa lisanapendeke a Brightson anali atatumiza kale uthenga: Loweruka m'mawa abwera ndi ngolo yawo yothyoka ekiselo, chitsulo chija chogwira matayala. Ikawotchereredwa, ayi ndithu, palibe mlandu. Ikapanda kutero, pangano ndi pangano.

Lachiwiri m'mamawa Phoebe anakwera lole kupita ku Mzuzu kukagula waya ndi tepi. Ponyamuka anandisiyira kiyi, n'kundiuza kuti ndizingosuzumirako kuti mbuzi zisalowe. Mawu ake anali omwewo. Sanati china.

Tsikulo ndinaweruka msanga. Nditatsegula shedi n'kuona nkhata yakupsayo ili bii, mtima unandiuza kuti ndimuthandize mlamu, ndimuchotsere ntchito ya tsiku lathunthu. Kodi si ine wodziwa zinthuzi? Ndinamasula mabawuti, ndinachotsa timalata ta pamwamba, ndinazula nkhatayo n'kuyamba kuimasula. Waya akapiringizana ndinkangomudula ndi pulayala n'kupitiriza. Pofika folo koloko chitsulo chinali mbee, ndachikwecha ndi sandipepala, pansi ndasesa. Waya wakupsa uja ndinamuwola n'kukamutaya kudzala, kuseri kwa shedi, pafupi ndi njira yopita kumjigo. Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu. Judy atamva, anandifunsa ngati ndinamufunsa mwini wake, ine n'kumuyankha kuti pa nkhani ya fizikisi m'chigwa chino wofunsidwa ndine. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Lachitatu masana Phoebe anatsika lole atasenza mpukutu wa waya. Ine ndinali nditamudikirira kale pashedi, manja m'thumba, kuyembekeza kuthokozedwa. Anatula katundu, anayang'ana chitsulo choyera chija nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, nkhata ya adada ili kuti?"

Ndinamufotokozera zonse, mpaka za sandipepala zomwe.

"Munawerenga?"

"Kuwerenga chiyani?"

"Mikombero. Kuti waya anazungulira kangati."

Ndinadziwa pomwepo chimene ndachita, chifukwa ndi funso lomwelo limene ndimafunsa ana pa mayeso. Mphamvu ya nkhata ili pa kuchuluka kwa mikombero yake. Nkhata yoyamba imadziletsa yokha kumeza magetsi, chifukwa maginito amene imadzutsa m'chitsulo amabwerera n'kumakankhana ndi magetsi olowawo. Mikombero ikachepa, kudziletsako kumachepa, makina amameza magetsi mwadyera, amatentha n'kupsanso. Ikachuluka, moto umatuluka wofooka, rodi yowotcherera imangomata pachitsulo osasungunula kanthu. Apongozi anga nambalayo sanailembe paliponse. Anamuuza Phoebe kuti tsiku limene nkhata idzapse, adzaimasule pang'onopang'ono akuponya njere ya chimanga m'mbale pa mkombero uliwonse. Kalata yawo inali nkhatayo, ndipo ine ndinali nditaing'amba n'kuitaya kudzala.

Ndinayesa kudzipulumutsa ndi buku. Ndinati asadandaule, tiwerenge mikombero ya nkhata yachiwiri, imene sinapse, kenako masamu atiuza zotsalazo. Tinawerenga, inali 42. Phoebe anandifunsa kuti tsono nkhata yachiwiriyo inkatulutsa mavolti angati. Sindinkadziwa. Panalibe amene anayezapo, poti bambo ake analibe mita, ankayeza ndi khutu ndi maso. Ndinati mabuku amanena kuti makina otere amatulutsa pakati pa mavolti 40 ndi 70, ndiye kuti mikombero yofunika ili pakati pa 140 ndi 240.

"Ndiye pamenepo ndisankhe iti, asambizgi?"

Asambizgi m'Chitumbuka ndiye kuti aphunzitsi, ndipo mawuwo anandilasa. Waya amene anagula anali wokwana kukulunga kamodzi, ndipo masiku otsala analinso okwana kukulunga kamodzi. Akanandilalatira bwenzi zili bwino, ndikanapeza poyambira kudziteteza. Koma iye anangovula nsapato za paulendo, n'kuvala zantchito, n'kuzungulira kuseri kwa shedi. Ndinamutsatira ngati galu woba mazira.

Kudzala kunali kutatsala theka lokha. Waya wofewa, waulere, wotayidwa m'mbali mwa njira ya kumjigo, mukuganiza akanafika tsiku lachiwiri? Aliyense wodutsa anali atatolapo wake. Apo ndiye ndinataya mtima, ndipo ndinayamba kukonza m'mutu mawu okapepesera kwa Judy ndi kwa mizimu ya apongozi anga. Phoebe anatola chidutswa chimodzi, anachipukuta phulusa, n'kuyamba kuchiyendetsa pakati pa zala. Zalazo zinkayenda n'kuima, kuyenda n'kuima. Anandipatsa kuti ndichite chimodzimodzi. Ndinamva: waya ankawongoka pang'ono, kenako kapindo, kuwongokanso, kapindo kena. Chitsulo chimene anakulungidwapo chinali cha ngodya zinayi, ndipo ngodya iliyonse inasiya chizindikiro chake.

"Waya saiwala popindika, alamu," anatero. "Mapindo anayi, mkombero umodzi. Mundipezere yense, ngakhale kachidutswa kotalika ngati chala."

Zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinaganizepo zimenezo, ndipo m'buku lililonse limene ndinawerenga mulibe.

Lachinayi ndinapempha tchuthi kwa ahedi, ndinamanga mpukutu wa linya pakaliyala kuti ndizisinthanitsa ndi waya uja, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Musandifunse za manyazi. Chidutswa china ndinachipeza chitamanga chitseko cha khola la nkhunda. China chinali chitasanduka chigwiriro cha ndowa. Mayi a Lois, ogulitsa mandasi, anali atayanikapo kale zovala, ndipo ndinaima pabwalo pawo ndikuanula malaya a amuna awo kwinaku iwo akufa ndi phwete. Mkulu wa mpingo wina anamangira mpanda wa nazale yake ya fodya, ndipo anayamba wandilalikira za kufatsa asanandilole kumasula. Mmodzi anali atamuwongola ndi hamala, moti ndinati ameneyu ndiye watayika, koma nditayendetsa zala timapindo tinalipo ndithu, tobisala. Kulikonse ndinkayenera kufotokoza m'Chitumbuka changa chopunduka chifukwa chimene mphunzitsi wamkulumkulu akupemphera waya wakupsa, ndipo kulikonse nkhaniyo inali itafika kale ine ndisanafike.

Pobwerera ndinapeza Phoebe ndi Judy atatambasula waya watsopano pakati pa mitengo ya mango, akumukuta ndi tepi, wina kuyambira uku wina uko. Ntchito imeneyo imadya zala, poti tepi iyenera kukwerana theka ndi theka, osasiya mpata ngakhale wa nsonga ya singano. Judy sanandiyang'ane n'komwe. Ndinakhuthula thumba langa pansi, ndipo Phoebe anasiyira mkulu wake tepi n'kubwera kudzakhala pamkeka.

Ine ndinkaganiza kuti tingowerenga mapindo onse n'kugawa ndi folo. Iye anayamba ndi kusankhula. Anandionetsa kuti waya amene anali mkati, pafupi ndi chitsulo, mapindo ake ndi oyandikana, ndipo amene anali kunja, atakwera pamwamba pa anzake, mapindo ake ndi otalikirana. Anadula timaudzu ta utali wosiyanasiyana n'kumayezera, chidutswa ndi chidutswa, mpaka panaoneka milu isanu ndi umodzi. Ndiye kuti bambo ake anasanja mizere isanu ndi umodzi, wina pamwamba pa unzake. Anabweretsa mbale zisanu ndi imodzi ndi chitini cha chimanga. Mapindo anayi, njere imodzi m'mbale. Mapindo anayi, njere ina. Milomo yake inkangogwedezeka osatulutsa mawu.

Ine anandipatsa ntchito yogwirizana ndi maphunziro anga: kuingitsa nkhuku kuti zisadye nambala.

Dzuwa litapendeka anawerenga njere za m'mbale iliyonse, ine n'kumalemba pansi ndi kamtengo. Mbale yoyamba 38. Yachiwiri 37. Yachitatu 25. Yachinayi 35, yachisanu 34, yomaliza 30. Anayang'ana manambalawo kanthawi, kenako analoza wachitatu n'kunena kuti pamenepo pakusowa waya. Bambo ake, anatero, ankasanja mizere monga asanjira matumba a chimanga m'nyumba, wapamwamba kuchepa ndi limodzi, kuti wa m'mphepete asagwe. Choncho mzere wachitatu unali 36. Panali munthu wina amene anali ndi chidutswa cha mikombero khumi ndi umodzi, ndipo ine sindinamupeze.

Apa ndinatsutsa, poti khalidwe silisintha tsiku limodzi. Ndinati nanga bwanji ngati mkuluyo anatopa pa mzere wachitatu n'kuulekeza panjira? Nanga bwanji ngati pakusowa mzere wathunthu wachisanu ndi chiwiri, umene munthu mmodzi anatola wonse? Phoebe anati mzere womaliza, wokhawo umene umathera panjira, uli ndi mchira umene unkalowa pa bawuti, ndipo anandionetsa diso lake lopindidwa bwino. Za kutopazo anangoti bambo ake ankawadziwa dzanja. Kuphatikiza zonse, mikombero inakwana 210. Ndinathamangira masamu anga: 210 kugawa ndi 42 ndi faifi, ndipo mavolti 230 a pakhoma kugawa ndi faifi ndi 46. Ndinamuuza mosangalala kuti buku likuvomera.

"Yewo chomene," anatero akutola mbale zake. "Mukaliuze bukulo kuti ndathokoza."

Komabe usiku umenewo ndinagona ndi mikombero khumi ndi umodzi pamtima. Buku linkavomera 210, koma likanavomeranso 199. Shedi ya mlamu wanga inali itatsamira pa chikhulupiriro chakuti munthu wakufa sanaphonye mzere umodzi zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.

Lachisanu lonse linathera pokulunga. Phoebe anasema chipika chofanana ndi mwendo wa chitsulo uja, anachikhomera pa benchi, ndipo ine ndinagwira mpukutu kuti waya azibwera wokungika. Anandichenjeza kuti ndikangoyamba nkhani ataya nambala, ndiye kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndinakhala maola asanu ndi limodzi osalankhula. Ndinkangoona. Ankakoka waya ndi dzanja lamanzere, kumugoneka pambali pa mnzake, ndipo pa ngodya iliyonse ankagogoda kamodzi ndi kathabwa kuti apinde osang'amba tepi. Akamaliza mkombero, njere m'mbale. Akamaliza mzere, ankayala pepala la thumba la simenti, kulisalaza ndi chikhatho, n'kuyamba wina mkati pang'ono. Sanafulumire ngakhale kamodzi, chonsecho Loweruka linali pakhomo. Pa mzere wachitatu, atafika pa njere ya 25, ndinamuyang'ana kumaso. Iye sanakweze mutu, anapitiriza mpaka 36. Ndinaona ntchito zambiri pa moyo wanga, koma ya manja yokongola chotere sindinaionepo, ndipo ndinamva chisoni kuti ndinakhala zaka zonsezi pafupi ndi apongozi anga osakhala pansi n'kuwaonerera.

Tinaveka nkhata pachitsulo, tinabwezera timalata timodzitimodzi, tinamanga mabawuti. Chinatsala n'kuyesa. Koma magetsi anali atathima kuyambira masana, monga achitira nyengo yotentha, ndipo mpaka tinatseka shedi anali asanayake.

Loweruka a Brightson anafika eyiti koloko isanakwane, ng'ombe ziwiri zikukoka ngolo yotsimphina. Ndi munthu wamtali, wa chipewa cha mlaza, wosakonda kutaya mawu. Anandipatsa moni wa mkamwini, anamupatsa Phoebe moni wa mwana, n'kukhala pa mpando pakhomo. Magetsi anali asanabwerebe. Anthu anayamba kusonkhana, ena mwa iwo omwe aja ndinawalanda waya. Ndinaona maso a mkuluyo akuyenda m'makoma, ndipo ndinadziwa kuti akuyeza poika mashelefu. M'thumba la jekete lawo munkaoneka chinthu cholemera, ndipo atawerama kuti akonze nsapato ndinachiona bwino. Anali loko watsopano, akadali m'pepala lake.

Itangokwana naini, babu la kudenga linayaka. Phoebe anapukuta manja pa ovolosi, anatiuza tonse kuti tisunthe, n'kukweza switchi.

Ine ndinatsinzina, ndisaname. Ndinkadikira kuphulika, kapena kulira kwaukali kuja kwa chitsulo chimene chikumezetsedwa magetsi opyola muyezo. Koma chimene chinamveka ndi kung'ung'udza kwapansipansi, kosadukiza, konga kwa munthu amene akuimba nyimbo ya kutchalitchi atatseka pakamwa. Phoebe anatenga mpeni wa sowo wakutha n'kuuyandikiza pachitsulo osakhudza, ndipo mpeniwo unayamba kunjenjemera wokha m'zala zake. Anasiya makina akulira opanda ntchito kwa mphindi khumi zathunthu. Kenako anathimitsa, anagwira nkhata ndi kuseri kwa dzanja, anagwiranso chitsulo. Zonse zinali zozizira.

Anayatsanso. Nditacheuka ndinaona kuti a Brightson avula chipewa. Sankayang'ana makoma tsopano, anali atapendeketsa mutu ngati munthu amene wamva wina akumuitana patali.

"Mazgu gha wakuru wane agha," anatero chapansipansi. Ngakhale ine ndi Chitumbuka changa ndinamva: awa ndi mawu a akulu anga.

Phoebe anati tikokere ngolo pafupi, ndipo ine, pofuna kuoneka wothandiza, ndinakwawira pansi kuti ndimasule zimene mkuluyo anamangira ekiselo yothyokayo. Anaika mtengo m'mbali mwake n'kukulunga ndi waya. Nditangomugwira wayayo, zala zanga zinada ndi tepi yakupsa. Ndinafunsa kumene anamutenga. Anayankha mosabisa kuti Lachitatu m'mawa anadutsa kudzaona shedi, n'kutola kudzala chidutswa chimodzi chachitali chomangira ngolo kuti ifike Loweruka.

Ndinamumasula mosamala kuposa mmene ndinamasulira chilichonse pa moyo wanga. Mapindo atsopano a pa ngolo anali ozungulira, akale aja anali akuthwa, otalikirana mofanana. Ndinakhala pansi pafumbi, mphunzitsi wa fizikisi, ndi thalauza la kutchalitchi, n'kuyamba kuyendetsa zala. Ndinawerenga mokweza, ndipo pofika makumi atatu anthu ena anali akuwerenga nane. Mapindo anathera pa 44. Ndinabwereza kuopa kuti mwina mtima wandinamiza, anakwananso 44. Mikombero khumi ndi umodzi, osachepa, osapitirira.

Ndinamuyang'ana Phoebe ndikuyembekeza kuti mwina alumpha. Iye anangogwedeza mutu kamodzi, ngati ndamuuza kuti kunja kwacha, n'kutsitsa galasi kumaso. Koma ndinaona kuti dzanja limene linanyamula rodi linayamba lapukuta pansi pa galasilo.

Rodi itangokhudza ekiselo moto unagwira nthawi yomweyo, wobiriwira, wosadukaduka. Tinatembenuka tonse kuteteza maso, n'kumangomva kuthetheka kwake ndi makina akubuula pansi pa katundu monga ankachitira kale. Anawotcherera mbali imodzi, tinatembenuza, anawotcherera inayo, anagogoda makoko ndi hamala, ndipo msoko unatuluka wosalala, wa timizere tofanana. A Brightson anadikira kuti uzizire. Anagwada, anaupapasa ndi chala kuchokera uku mpaka uko, anakwera pangolo n'kudumphapo kawiri ndi thupi lawo lonse. Ekiselo sinayankhe kanthu.

Atatsika ndinawafotokozera zonse, poti ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine wolakwa: za pulayala, za kudzala, za njere za chimanga, ndi za mzere wachitatu umene Phoebe anaukulunga osauona, pongodziwa dzanja la bambo ake. Anamvetsera osandidula. Anatenga waya uja m'manja mwanga, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumupereka kwa Phoebe ndi manja awiri. Kenako anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa loko uja n'kumuika pa benchi.

"Loko wa pachitseko chako wachita dzimbiri, mwana wane," anatero. "Uikepo uyu. Ndipo usamasiyire makiyi aliyense."

Ponena mawu omalizawo sanandiyang'ane, koma pamsika ponse panamveka kuseka, ndipo ine ndinaseka nawo misozi ili m'maso. Mkuluyo anavala chipewa, anakwera ngolo yake n'kumapita, ng'ombe zikuyenda mowongoka.

Lolemba lotsatira ndinatenga kalasi yanga yonse ya Fomu 4 kupita nayo kushedi. Sindinanyamule choko. Phoebe anawaonetsa nkhata ziwiri zosakhudzana, anawauza za mkamwini, apongozi ndi thenga m'mawu osakwana makumi awiri, n'kuwapatsa mpeni wa sowo kuti aliyense amve yekha kunjenjemera kwake. Palibe anayasamula. Chidutswa cha mikombero khumi ndi umodzi chija anachipachika pa msomali pamwamba pa makina, ndipo nambala 210 anailemba ndi penti pakhoma, kuti wina wofuna kuthandiza asadzavutitsenso anthu.

Loko watsopanoyo anabwera ndi makiyi awiri. Imodzi Phoebe amaimangirira pa lamba wa ovolosi. Inayo anapatsa Judy, ndipo mpaka lero mkazi wanga sanandiuze pamene amaisunga.